Chijasi cha a Kamtedza ndi Filimu Yopanda Makaka

Olemekezeka a Mwatero, Nduna ya Zoona ndi Zomva mu ufumu wa Tidikire, analanda chijasi cha a Zakeyu Kamtedza, ogulitsa makala, m'mwezi wa Meyi chisanu chitangoyamba kuluma makutu, chaka chimene Mfumu Sindilakwa Wachitatu inadzipatsa mendulo ya kudzichepetsa. Ndayamba ndi mayina dala. Ku Tidikire nkhani ikangogona sabata imodzi imasanduka ya anthu ena amene analakwira anthu ena nthawi ina yake, ndipo wolakwa uja ndi amene amakhala patsogolo kudandaula.

A Kamtedza ndi munthu wa chifuwa. Chijasicho chinali cha malemu bambo awo, amene anabwera nacho kuchokera ku migodi ya kummwera pamodzi ndi wailesi yosalankhula ndi chifuwa chawochawo. Wailesi inatayika, koma chifuwa ndi chijasi zinatsalira mwana. Chinali chachitali mpaka m'akakolo, cholemera ngati thumba la mchenga, kolala yake yoimirira mpaka m'makutu. M'mawa uliwonse a Kamtedza ankatsika nacho phiri, akukankha njinga ya makala kupita ku msika wa Mutiuzanji mumzinda wa Malonjezo, likulu la ufumu. Phiri limenelo mu Juni limazizira mwakuti ngakhale agalu amaleka kuuwa. Akazi awo, Nangondo, ankati chijasicho ndiye mkazi wamkulu, iwo anangobwera kudzathandiza.

Kuti mumvetse mlanduwu muyenera kudziwa kuti ku Tidikire munthu aliyense ali ndi makaka ake. A kwa Mfumu amavala mtundu wa chiwindi. A kwa Ndikadakhalaine, mng'ono wa Mfumu wa mimba ina, amene wakhala akudikira mpando kuyambira ali ndi mano onse m'kamwa, amavala mtundu wa mabilingano. Wakuba akagwidwa, wapolisi sayamba wafunsa chimene waba. Amayang'ana kaye malaya. Akakhala wa chiwindi ndiye kuti anangobwereka n'kuiwala kunena. Akakhala wa mabilingano ndiye kuti ndi khalidwe lawo anthu amenewo. Amayi a mumsika, amene nzeru zawo zimaposa za bwalo lonse la Mfumu, amasunga zitenje zonse ziwiri pansi pa dengu, ndipo amamanga molingana ndi makaka a anthu a mu lole imene ikubwera.

M'dzinja la chaka chapitacho kunabwera mayi wina wophunzira kunja, dzina lake Mtisunge Kaphwiyo, wojambula mafilimu. Tsiku lina m'nyengo yotentha anaona chijasi chija chitapachikidwa pa njinga mumsika.

"Agogo, chijasi chanuchi ndachikonda," anatero.

"Ndine gogo wanu ine? Gulani makala, mayi."

"Ndikufuna ndibwereke, ndichijambule mu filimu."

"Muchijambule chokha? Mwini wake ndi wonyansa?"

Anagwirizana kuti chibwerere chisanu chisanayambe. Ine anthu ophunzira kunja sindiwakhulupirira, koma uyu anabwezadi, n'kuikamo paketi ya shuga m'thumba. Pamenepa palibe mlandu.

Filimuyo inkatchedwa Mvula Ilibe Mboni. Nkhani yake inali yotere. Munthu wina wovala chijasi ndi chipewa chophimba maso anapha mlonda wa nkhokwe za ufumu n'kutulutsa chimanga chonse. Wapolisi wofufuza, wosuta fodya ngati uvuni wa njerwa, anamusaka m'tinjira ta mumzinda, m'mabala ndi kuseri kwa depoti. Panali mkazi wina woimba m'bala, wa maso ogona, amene ananamiza wapolisiyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mvula inkagwa osalekeza. Nkhope ya wakubayo sinaoneke ngakhale kamodzi, anthu ankangoona msana wa chijasi ndi chithunzithunzi chake pakhoma. Pamapeto wapolisi anachotsedwa ntchito, wakuba n'kumapita mumvula muja manja ali m'matumba. Ndipo zonsezi zinali zakuda ndi zoyera basi, ngati chithunzi cha ukwati wa makolo athu.

Anaionetsa koyamba ku holo ya Mfumu. Itangoyamba, a Mwatero analamula kuti woyendetsa makina amangidwe chifukwa wawononga katundu wa boma. Mtisunge anawanong'oneza kuti makina ali bwino, filimuyo anaipanga choncho dala. Nduna inamasula munthu uja, koma inamuchenjeza kuti asadzabwerezenso.

Mfumu inagona pakati pa filimu. Inadzidzimuka ndi kulira kwa mfuti, n'kuwomba m'manja. Holo yonse inawomba m'manja, ena mpaka kuimirira. Magetsi atayatsidwa Mfumu inapukuta pakamwa n'kutembenukira kwa Nduna.

"A Mwatero, wakuba uja ndi wathu kapena wawo?"

Amene anali ataimirira anayamba kukhala pansi mmodzimmodzi, ena akuonetsa ngati ankangowongola miyendo. Palibe amene ankadziwa ngati wawombera m'manja chitonzo kapena chitamando. Pa nsalu ya filimu ija chiwindi ndi mabilingano zikanaoneka chimodzimodzi.

Munthu amene anavutika kwambiri ndi Dokotala Zakunja, katswiri wounika mafilimu ndi mabuku. Si dokotala wa matenda ayi, mukamupatsa mwana wodwala angakulembereni ndime zitatu. Iyeyu amalemba m'nyuzi ya Mfumu ndi dzina lake, ndipo m'nyuzi ya Ndikadakhalaine amalemba ndi dzina la malume ake. Sabata imeneyo analemba m'nyuzi zonse ziwiri kuti mdima wa filimuyi ndi mdima wakuya, umene ukuunikira mdima wina umene uli mkati mwa mdima, ndipo kuti mvula ija si mvula wamba koma funso. Ngati filimuyo inali yabwino kapena yoipa, sananene. Anati nkhani yotere siifuna phuma.

Ku msika wa Mutiuzanji kunalibe zodikira. Bonifasi, mwini wake wa nyumba ya vidiyo ya kuseri kwa mabutchala, anapeza filimuyo mwa njira zimene iye yekha akudziwa, ndipo ankaionetsa kuyambira m'mawa. Anthu ankatuluka akukangana.

"Ine ndimati maso anga ayamba ng'ala," anatero Nankhoma, wogulitsa tomato. "Ndinachita kuyang'ana chitenje changa kuti ndione ngati chidakali ndi maluwa."

"Filimu yabodza ija," anayankha a Dzoole, ogulitsa nyama ya mbuzi. "Wapolisi anamupatsa kenakake iye n'kukana. Wapolisi wa dziko liti ameneyo?"

"Ndiye simunaone kuti anamuchotsa ntchito?"

"Apo pokha ndiye ananena zoona."

"Koma mvula yonse ija," anatero Nankhoma, "osaoneka ndi mmodzi yemwe wopita kukadzala. Anthu a m'tauni ulesi."

"Adzale chiyani, amayi? Mbewu anapita nayo wachijasi uja."

Wina anati filimu yonse magetsi kunalibe, ndiye n'zoonekeratu kuti anaijambula konkuno. Wina anati filimu imene wakuba sagwidwa si filimu, ndi nkhani za pa wailesi. Atsikana ena anayamba kuyenda maso ali ogona ngati woimba uja mpaka wina anagwera m'ngalande. Koma onse ankabwereranso kukaonera, chifukwa aliyense ankamuzindikira wakubayo. A chiwindi ankati mayendedwe aja ndi a mlamu wake wa Ndikadakhalaine. A mabilingano ankati mapewa aja ndi a msungichuma wa Mfumu. Ena ankatuluka ali chete, chifukwa anaona msana wa m'bale wawo.

Amene anaulula ndi Nankhoma, ndipo sanachite mwa njiru.

"Inu mukuvutikiranji? Nkhope sindinaione, koma chijasi chija ndi cha a Kamtedza. Chigamba cha pa chigongono chija anasoka ndi Nangondo ine ndikuona."

Kuyambira tsiku limenelo a Kamtedza sanapumenso.

"A Kamtedza! Chimanga chija munachisiya kuti? Tigawireniko ndowa imodzi!"

"Chili kwa amako," ankayankha iwo, koma mumtima ankakondwa, chifukwa makala ankatha dzuwa lisanafike pamutu. Aliyense ankafuna kugula kwa munthu wa mu filimu.

Ku Tidikire chimene chanenedwa pa tomato m'mawa chimafika ku nyumba ya Mfumu madzulo, pamene dandaulo la mlatho limatenga zaka. Bwalo la Mfumu linaitanidwa. Nduna zonse zinabwera zitavala chiwindi kuyambira chipewa mpaka sokosi. Anayamba kufunsa Mtisunge.

"Mwana iwe," inatero Mfumu, "utoto unapita kuti?"

"Sindinauikemo, Mfumu. Ndinkafuna kuti anthu aone munthu, osati malaya ake."

"Munthu wopanda makaka timuona bwanji? Tikamuyamba pati?"

Nduna zinaseka, chifukwa Mfumu inaoneka ngati ikufuna kuti ziseke. Kenako a Mwatero anaimirira, n'kukonza tayi.

"Mfumu ya mafumu, inu amene tambala amayamba wakupemphani asanalire. Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa njala, chifukwa njala timaidziwa kuti imabwera ndi a mabilingano. Ngati chijasi chija n'cha chiwindi, filimuyi yatukwana mpando, ndipo iyenera kutenthedwa. Ngati n'cha mabilingano, filimuyi ndi yokonda dziko lake, ndipo iyenera kuonetsedwa m'sukulu zonse, ngakhale zimene zilibe denga. Anthu anu akuonera filimu osadziwa ngati akuikonda kapena ayi. Dziko silingayende choncho. Ndaitanitsa chijasicho."

A Kamtedza analowa atachivala, apolisi awiri ali m'mbali. Anagwada, mawondo n'kulira.

"Ndiwe mwini wake?" inafunsa Mfumu.

"Wawa, Mfumu. Chinali cha bambo anga."

"Chili ndi mtundu wanji?"

A Kamtedza sanapite patali ndi sukulu, koma Nangondo anali atawaphunzitsa kale kunyumba. Akati chiwindi, ndiye kuti anabwereketsa makaka a Mfumu kwa wakuba. Akati mabilingano, afunsidwa kuti chovala cha adani chikutani m'nyumba mwawo.

"Pepani, Mfumu. Ine ndimakhala mkati mwake. Kunjaku amaona ndi anzanga."

Anawavula. Nduna zinachizungulira, zina kuchinunkhiza, ina kuchikanda ndi chikhadabo. Anapita nacho pawindo, anabwera nacho pa nyali. Chinali chakuda bii ndi fumbi la makala la zaka zambiri. Dokotala Zakunja anavala magalasi ake achiwiri n'kunena kuti kuda kumeneku kukhoza kukhala chiwindi chokalamba, komanso kukhoza kukhala mabilingano okhwima, malingana ndi pamene munthu waima.

"Chichapidwe," inatero Mfumu.

"Chonde, Mfumu," anatero a Kamtedza. "Chijasi chimenechi sichinalawepo sopo. Komanso chisanu chayamba, ine chifuwa changachi..."

"Mukakhosomolera kunja, bambo," anatero a Mwatero. "Muno ndi m'bwalo. Mudzachitenga mawa chikauma."

Tsiku lochapa Mfumu inalamula kuti likhale la tchuthi. Anaika mabafa pabwalo la nyumba yachifumu, amayi ochapa zovala za Mfumu n'kupinda mikono. Mbali ina kunakhala a chiwindi ndi ng'oma zawo, mbali ina a mabilingano ndi zawo. Chimene sindinachionepo chibadwire n'chakuti tsiku limenelo a chiwindi ankapempherera mabilingano, a mabilingano ankapempherera chiwindi. Aliyense ankafuna wakuba akhale wa mnzake.

Madzi oyamba anatuluka akuda. Achiwiri anatuluka akuda. Kenako anatuluka ofiirira pang'ono, ndipo a mabilingano anaimba nthungululu n'kuyamba kuvina. Mayi wina wochapa anakweza dzanja n'kunena kuti limenelo ndi dothi la m'phiri chabe. Ng'oma zinasiya kumeneko n'kuyamba mbali inayo. A Kamtedza anaima kumbuyo kwa chingwe atavala malaya okha, manja ali m'khwapa.

"Musachifinye choncho, mayi! N'chachikulire chimenecho!"

Palibe amene anawamva. Atachiyanika pa chingwe dzuwa n'kuchiwomba, bwalo lonse linaona. Chinali chotuwa ngati phulusa. Sichinali chiwindi, sichinali mabilingano. Chinali ndendende mmene chinaonekera mu filimu.

Ng'oma za mbali zonse zinangoti zii. Nankhoma, amene anabwera ndi zitenje zonse ziwiri kuti amange chimene chapambana, anabwezera zonse m'dengu.

"Tataya tsiku la malonda chifukwa cha phulusa," anatero. "Tiyeni, a Dzoole, mbuzi yanu ikuwola."

A Kamtedza anaganiza kuti zatha bwino. Anadutsa pansi pa chingwe n'kupita kwa Nduna atagwira chipewa m'manja.

"Bwana, poti chilibe mlandu, nditenge?"

"Ndani wakuuzani kuti chilibe mlandu?" anatero a Mwatero. "Chovala cha mdani timachidziwa, timadziwanso pochiika. Koma chovala chimene tachichapa pamaso pa Mfumu, sopo wa boma n'kutha, icho n'kukanabe kunena mbali yake, chimenecho n'choopsa kuposa mfuti. Lero ndi chijasi. Mawa anthu onse akayamba kuyenda otuwa, ife tidzadziwa bwanji woti timupatse feteleza?"

Madzulo ake wailesi inalengeza lamulo la Mfumu. Chijasi chisungidwa m'manja mwa Nduna mpaka chidzaulule mtundu wake. Kuyambira tsopano wakuba aliyense wa mu filimu azivala mabilingano, ndipo azigwidwa filimu isanafike pakati. Mvula ya mu filimu iziyamba yapempha chilolezo ku Unduna wa Zaulimi. Mdima waletsedwa, kupatula umene umabwera ndi a magetsi. Filimu ya Mtisunge siinaletsedwe komanso siinaloledwe, choncho woionera aziyang'ana ndi diso limodzi. Bonifasi anamata lamuloli pa chitseko cha nyumba yake ya vidiyo, ndipo anthu anachuluka mpaka ena kukhala pa mawindo.

A Kamtedza anayamba ulendo wa ku ofesi ya Nduna. Akagulitsa makala ankapita kukakhala pa benchi. Mlembi wa pakhomo anawazolowera mpaka ankawatuma kukagula mandasi.

"Bwana ali pa msonkhano. Bwerani mawa."

"Msonkhano wa chiyani, mwana wanga?"

"Wa chijasi chanu chomwecho."

"Chaulula?"

"Chikadali chouma mutu."

Juni analowa. Chifuwa chija chinayamba kumveka a Kamtedza asanatulukire pa ngodya ya msika, mwakuti a Dzoole ankati safunanso wotchi. Masiku ena njinga sinkatsika n'komwe. Nangondo anatopa, anamanga chitenje chawo chakale chopanda nkhope ya munthu, n'kukadikira Nduna pa galimoto.

"Bwana, amuna anga akutha ndi chifuwa. Ngati mukufuna mtundu, ndigula utoto ndichinyike ndekha. Nenani umene mukufuna."

"Mayi, kumeneko ndiye kusokoneza umboni."

"Nanga mwini wake akafa, umboniwo mudzaupatsa ndani?"

"Boma lidzatumiza nthumwi ku maliro. Ife sititaya anthu athu." Anatseka galasi.

Kenako kunabwera nkhani imene palibe anaiyembekeza. Filimu ija inapambana mphoto ku dziko lina lakutali, kumene anthu ake akuti anatopa ndi utoto. Azungu ndi anthu a mayiko ena anaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo nyuzi zawo zinalemba dzina la Tidikire popanda mawu akuti njala kapena ngongole pambali pake, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Mfumu inakumbukira nthawi yomweyo kuti ndi iyo imene inalangiza Mtisunge kuti achotse utoto, pofuna kuphunzitsa anthu kusamala chuma. Ndikadakhalaine anati akadakhala iye filimuyo ikadapambana mphoto ziwiri. Dokotala Zakunja analemba m'nyuzi ya Mfumu kuti iye ananena kale kuti filimuyi ndi ya pamwamba, amene sanamve ndi osaphunzira. Malume ake aja analembanso chimodzimodzi m'nyuzi inayo. Ku msika anthu ena anasiya kuionera. A Dzoole anati chinthu chimene Mfumu yachikonda chiyenera kuti chili ndi vuto limene iwo sanalione.

Panakonzedwa phwando lolandira mphotoyo. Mtisunge atapatsidwa mpata wolankhula, anagwada pamaso pa Mfumu.

"Mfumu, ndili ndi pempho limodzi. Chijasi chija ndinabwereka kwa a Kamtedza, ali apowo. Akudwala. Chibwerere kwa mwini wake."

Mfumu inayang'ana a Mwatero. A Mwatero anamwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mpira pafupi ndi golo.

"Mfumu, mwanayu wanena mwaulemu koma sakudziwa. Chijasi chimenechi chadziwika dziko lonse lapansi. Sichingabwererenso kukanyamula makala ngati chovala wamba. Ndi chuma cha fuko tsopano. Mlandu wake tauchotsa, ndipo tachikonzera kabati ya galasi m'Nyumba ya Mbiri ya Ufumu, kuti adzukulu athu adzachione."

Anthu anawomba m'manja. Anaitana a Kamtedza kutsogolo, akukhosomola, ndipo Mfumu inawagwira chanza n'kuwatcha mnzake wa zaluso. Nduna inawaveka mphatso ya ufumu: malaya a chiwindi a mikono yaifupi, nkhope ya Mfumu ili pachifuwa. Wojambula zithunzi anawauza kuti aleke kukhosomola kaye chifukwa nkhope ya Mfumu ikugwedera.

Ali potuluka a Kamtedza anafunsa ngati angamachibwereke m'miyezi yozizira yokha, n'kumachibweza mu Ogasiti. A Mwatero anati ganizolo ndi labwino kwambiri, alitengera ku msonkhano.

Chijasi chija chili m'kabati ya galasi m'Nyumba ya Mbiri ya Ufumu, ndipo pansi pake analembapo kuti ndi mphatso yochokera kwa Olemekezeka a Mwatero. Chisanu cha chaka chino chayamba msanga. A Kamtedza, masiku amene akwanitsa kudzuka, amatsika phiri atavala thumba la makala loboola pamutu ndi m'mikono.